Kuika injini ya kampani ina m'galimoto yakale: ndondomeko yake yonse

Funso lakuti "kodi injini ya Toyota ingalowe mu Land Rover yanga?" kapena "Nissan ingakwane mu Peugeot?" limabwera kawirikawiri, choncho ndalemba yankho kamodzi kuti wofunsa aliyense ndizingomulozera pano. Inde, imalowa. Chitsulo sichikana grinder ndi moto wa wowotcherera. Koma kulowa ndi kwina, kuyenda zaka zisanu osatsitsa giyabokosi ndi kwinanso. Magalimoto ambiri akale amene akhala pa miyala m'magalaja a ku Biwi ndi ku Mchesi injini zake zinalowa bwinobwino, chimene chinalakwika ndi polumikizira.

Chitsanzo chathu chikhala Land Rover Series III, yopangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, imene tikuichotsa injini yake ya malita 2.25 n'kuikamo ya dizilo ya ku Japan. Mfundo zake ndi zomwezo pa Peugeot 504, Datsun 1200 kapena Mercedes W123, ndipo pamene zasiyana ndinena.

1. Yambani ndi mapepala, osati sipanala

Nambala ya injini inalembedwa mu blue book. Mukaisintha osauza a Road Traffic, vuto lidzakupezani tsiku la COF, pa roadblock, kapena pogulitsa galimotoyo. Pitani kumeneko musanagule kalikonse, mukafunse zimene akufuna pakali pano posintha nambala ya injini komanso mtundu wa mafuta ngati mukuchoka ku petulo kupita ku dizilo. Kwa wogulitsa injini mufune lisiti lolembedwa nambala ya injiniyo, ndi mapepala a MRA ngati inachokera kunja. Nambala ya pa block, thupi lenileni la injini, muione ndi maso anu, muipukute ndi petulo, muijambule. Ikaoneka yopalidwa kapena yokhomedwanso, isiyeni ngakhale mtengo utatsika bwanji, chifukwa apolisi akafuna kutsimikizira kuti si yakuba, woyankha mafunso mudzakhala inu.

2. Yezani malo musanasankhe injini

Kugula injini musanayeze ndi kugula mbereko mwana asanabadwe. Tengani tepi ndi kope, injini yakale ikadali m'malo mwake, mulembe izi: kuchoka pamene injini ikumana ndi giyabokosi kufika pa redieta, kuchoka pakati pa pulley ya crankshaft kufika pa boneti yotseka, mpata pakati pa zitsulo ziwiri za chassis, pamene pali bokosi la chiwongolero ndi ndodo zake, ndi mpata pakati pa sampu ndi ekiselo ya kutsogolo. Magalimoto athu chiwongolero chili kumanja, ndiye injini imene ekizozi kapena sitata yake ili kumanja imalimbirana malo ndi chiwongolero.

Eni Peugeot 504 samalani apa. Injini yake ya petulo inagonekedwa chambali, n'chifukwa chake boneti ndi yotsika. Injini yoima chilili ngati Toyota 3Y kapena 4Y imatha kugunda boneti, ndipo mukaitsitsa kuti boneti itseke, sampu imakumana ndi crossmember.

3. Sankhani injini imene galimoto ingaipirire

Za dizilo zimene zimapezeka mosavuta mu Lilongwe ndi za maminibasi ndi mapikapu: Toyota 2L ya 2446 cc, 3L ya 2779 cc ndi 5L ya 2986 cc; Nissan TD27 ya 2663 cc; Isuzu 4JB1 ya 2771 cc. Za Toyota zitatuzi zimayendera timing belt, imene imasinthidwa pa makilomita 100,000 alionse. TD27 imayendera magiya, ilibe lamba woduka, ndipo pa Land Rover yopita kumudzi ine ndimaikonda pa chifukwa chimenechi.

Pewani za turbo ngati mukusunga giyabokosi ya Series. Giyabokosi imeneyi ndi ma half shaft ake (ndodo zozunguza matayala) a mano 10 anapangidwira injini yofatsa, mphamvu ya turbo imazitha msanga. Pewaninso zimene dzina lake lili ndi E, monga 5L-E ndi TD27ETi, pokhapokha mutapeza kompyuta yake, mawaya ake onse osadulidwa ndi pedulo yake ya moto. Pampu ya dizilo ya makina wamba, yopanda kompyuta, imangofuna waya umodzi wa 12V kuti ilire. Funsaninso ngati injiniyo ndi ya 12V kapena 24V, popeza zina zochokera m'malole ang'onoang'ono zimabwera ndi sitata, alternator ndi ma glow plug a 24V.

Pa kagalimoto kopepuka ngati Datsun 1200 musaganizeko za dizilo zimenezi. Kulemera kwake kumakhalitsa pansi masipuling'i a kutsogolo ndipo chiwongolero chimauma. Toyota 5K kapena 7K ya petulo ndiyo msinkhu wake.

4. Gulani injini yathunthu

Ngati thumba likulola, gulani half-cut, kutanthauza theka la kutsogolo la galimoto yodulidwa pakati, lobwera ndi injini, giyabokosi, redieta, mawaya ndi ma mounting. Ngati mukugula injini yokha, isatuluke m'shopu popanda flywheel, mabawuti ake, sitata, chitsulo chopyapyala cha kumbuyo kwa block, alternator yokhala ndi vacuum pump, ma manifold onse awiri ndi mabulaketi a mounting. Ogulitsa ena amachotsa zimenezi kuti akugulitseni padera, ndipo kusaka bulaketi imodzi kungakudyereni sabata.

Muimve ikulira ili yozizira. Gwirani block kaye. Ikakhala yofunda ndiye kuti aitenthetsa inu musanafike. Tsegulani chotsekera cha oyilo ikulira: kampweya pang'ono n'kabwinobwino, koma utsi wotuluka mopuma ngati sitima ndiye kuti ma ring atha. Woyeza compression akapezeka, dizilo yabwino ya mtundu uwu imafika pafupifupi ma bar 30, ndipo ma cylinder asasiyane kwambiri.

5. Sankhani giyabokosi yotsala

Njira zilipo ziwiri. Yoyamba, injini ibwere ndi giyabokosi yake. Pa galimoto yoyendera matayala a kumbuyo okha iyi ndiyo yosavuta: mupanga crossmember ya giyabokosi, muboola pansi potulukira ndodo ya magiya, ndipo propshaft idulidwa n'kuikidwa mutu wa giyabokosi yatsopano. Propshaft imeneyi ikadulidwe pa lathe ndi kuikidwa balance, mitu yake iwiri iyang'ane mbali imodzi. Ngodya ya giyabokosi ndi ya difu zisasiyane kupitirira digiri imodzi, apo ayi galimoto izinjenjemera pa liwiro lina lake ndipo ma cross, mfundo za kumapeto kwa propshaft, azitha miyezi ingapo iliyonse. Peugeot 504 ya saluni imavutirapo, chifukwa shaft yake imadutsa m'kati mwa chipayipi cholimba cholumikiza giyabokosi ndi difu.

Yachiwiri, kusunga giyabokosi ya galimotoyo. Pa Land Rover iyi ndiyo njira, popeza transfer box (bokosi logawa mphamvu ku matayala onse anayi), handibuleki ndi chingwe cha speedometer zonse zili pamenepo. Ikatero pafunika adapter plate, ndipo apa ndi pamene ntchito yonse imapambanira kapena kufera.

6. Adapter plate: musathamange

Adapter plate ndi chitsulo chokhala pakati, mbali ina yomangidwa ku block ya injini, mbali ina ku bellhousing, chikho cha kutsogolo kwa giyabokosi chimene chimaphimba kilatchi. Ambiri amaiona ngati chitsulo cha mabowo basi. Amapaka girisi pa block, kudinda pa katoni, kudula ndi gasi, kuboola ndi drill ya m'manja, kumanga. Galimoto imalira n'kuyenda ndithu. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu giya ya 4 iyamba kutuluka yokha, kilatchi ichita phokoso, pakati pa clutch plate pang'ambika, oyilo ayamba kudontha pa bellhousing. Asintha kilatchi, zibwereranso. Chifukwa chake n'chakuti pakati pa crankshaft ndi pakati pa input shaft (ndodo yolowetsa mphamvu ya injini mu giyabokosi) sipanayang'anizane, ndiye shaft imapindidwa pa kuzungulira kulikonse.

Zinthu zoti zikhale bwino zilipo zitatu: pakati, kufanana kwa nkhope, ndi kuya.

Yambani ndi kuya, chifukwa ndi kumene kumakuuzani kunenepa kwa plate. Goneketsani lula yachitsulo yowongoka pa nkhope ya bellhousing, muyeze ndi vernier pamene nsonga ya input shaft yathera ndi pamene mano ake ayambira ndi kuthera. Ku injini, flywheel ili yomanga, yezani kuchoka pa nkhope ya block kufika pa nkhope ya flywheel, komanso kufika pa kamwa ndi pansi pa bowo la kumapeto kwa crankshaft. Mukufuna kuti nsonga ya shaft ilowe mu spigot bush (kamphete kokhala m'bowo limeneli) mamilimita 10 mpaka 15, isiye mpata wa mamilimita 2 kapena 3 isanagunde pansi pa bowo, ndipo clutch plate ikhale pa mano a shaft ndi thupi lake lonse. Plate ikachepa, shaft imakankha crankshaft kutsogolo n'kudya ma thrust washer, injini yabwinobwino kutha m'masabata. Ikanenepa, nsonga siifika mu bush ndipo shaft imalendewera.

Kenako nkhope. Chitsulo chodulidwa ndi gasi chimapindika ndi kutentha ngakhale maso asaone. Gulani chonenepa kuposa muyeso, chidulidwe, kenako chikasendedwe mbali zonse ziwiri pa lathe yaikulu kapena milling machine mpaka pa muyeso wanu. Amashini otere aliko ku Kanengo ndi ku Old Town. Apatseni chojambula cholembedwa manambala, osati kungowafotokozera pakamwa. Pa Land Rover, auzeni asemenso phewa lozungulira pa plate, loti mkombero wa bellhousing ukhalepo mothina ngati mmene unkakhalira pa injini yakale.

Tsopano pakati. Mabowo a mbali ya block aboolereni okulirapo pang'ono kuti plate izitha kusuntha. Imangeni mosalimbitsa. Ikani dial gauge, kawotchi koyezera kusuntha kochepa kwambiri, ya maginito pa flywheel, singano yake ikhudze phewa lozunguliralo. Chotsani ma glow plug kuti injini izungulire mofewa, ikani singano pa ziro pamwamba, muzungulitse crankshaft ndi sipanala mukulemba zimene ikuwerenga kumanja, pansi ndi kumanzere. Kusiyana kwa mbali ziwiri zoyang'anizana mukakugawa pawiri, mwapeza mmene plate yaphonyera pakati. Mwachitsanzo, pamwamba 0 ndipo pansi 0.60, ndiye kuti yaphonya ndi mamilimita 0.30. Igogodeni pang'onopang'ono ndi hamala ya mphira, muyezenso, mpaka kuphonyako kutsike pansi pa mamilimita 0.13, kutanthauza kuti gauge isasiyane kupitirira 0.25 mbali ndi mbali. Mukazungulira n'kubwerera pamwamba singano ibwerere pa ziro. Ikapanda kutero maginito asuntha, yambiraninso. Tembenuzani singano ikhudze nkhope ya plate, muzungulitsenso mukukankhira crankshaft mbali imodzi. Apa isasiyane kupitirira 0.15.

Zikakhala bwino limbitsani mabawuti, muyeze komaliza, ndipo musanamasule chilichonse ikani ma dowel, timapini tachitsulo, awiri otalikirana, mabowo ake osalazidwa ndi reamer kuti alowe mothina. Mabawuti ntchito yake ndi kufinya, osunga pakati ndi ma dowel. Plate yopanda ma dowel imasokonekera tsiku loyamba limene makaniko wina adzatsitse giyabokosi. Mabawuti akhale olembedwa 8.8 pamutu kapena kuposa, osati osalembedwa a pamsika.

Spigot bush ikasemedwe yatsopano: kunja ithine m'bowo la crankshaft ya injini yatsopano, m'kati isiye mpata wa pafupifupi mamilimita 0.05 pa nsonga ya shaft. Ikhale ya phosphor bronze. Yachitsulo imagwirana ndi shaft ikatentha, ndipo magiya amakana kulowa ngakhale mwaponda kilatchi mpaka pansi.

Pa kilatchi kumbukirani kuti clutch plate imatsata giyabokosi, pressure plate imatsata flywheel, sitata nayo imatsata flywheel yake. Land Rover Series ili ndi mano 10 pa shaft, Toyota zambiri za mtundu uwu 21, Nissan 24, ndiye plate yobwera ndi injini siilowa. Pezani ya mano a giyabokosi yanu imene kukula kwake kukugwirizana ndi pressure plate, ndipo muone kuti masipuling'i ake sakukhudza mitu ya mabawuti a flywheel. Yezaninso pamene release bearing ikukumana ndi zala za pressure plate. Ikatalikira kilatchi siidula, ikakhala yokanikiza nthawi zonse kilatchi imaterereka. Konzani ndi kolala yosemedwa kumbuyo kwa bearing, osati kutalikitsa ndodo ya slave cylinder mpaka zala zipindike.

Pomanga, giyabokosi ifike yokha pa plate ndi manja. Ikatsala mamilimita 5 n'kukana, pali chimene chagunda. Musaikoke ndi mabawuti. Mukamanga, kankhani pulley kutsogolo ndi kumbuyo ndi chitsulo: crankshaft iyenera kusunthabe pang'ono ngati mmene inkachitira isanamangidwe. Ikauma, shaft yagunda pansi.

7. Ma mounting

Giyabokosi ikhale pa ma mounting ake akale, kuti ma propshaft ndi ndodo za magiya zisasinthe. Injini ilendewere pa chain block, galimoto ili pa matayala ake pamalo osalala. Siyani mpata wa mamilimita 20 mpaka 25 paliponse pamene injini yayandikira chassis, chiwongolero kapena bodi, chifukwa dizilo imagwedezeka kwambiri poliza ndi pozimitsa. Dulani mabulaketi pa katoni kaye, kenako pa chitsulo cha mamilimita 5 kapena 6. Gwiritsani ndi timadontho ta welding, tsitsani kulemera konse pa mphira, yezaninso, ndiye muwotcherere zenizeni. Chassis ya zaka 40 imakhala itadyeka m'kati, choncho igogodeni ndi hamala. Pofooka payambe paikidwa chigamba chotambalala. Mphira ikhale ya injini ya dizilo ya galimoto yodziwika, yoti mukaipeza m'shopu ikadzatha. Batire ndi mawaya a alternator zichotsedwe powotcherera.

8. Sampu ndi kuziziritsa

Injini imodzi yomweyo imabwera ndi masampu osiyana malinga ndi galimoto imene inachokera, ena chimimba kutsogolo, ena kumbuyo. Mpata wa sampu ndi ekiselo uyezedwe poganizira ekiselo itakwera mpaka kugunda bump stop, osati galimoto itangoima. Mukadula sampu, payipi yoyamwa oyilo isinthidwenso kuti ikhale mamilimita 8 mpaka 10 kuchoka pansi, mudzazemo palafini usiku wonse kuti muone podontha, ndipo dipstick ilembedwenso mutathira oyilo wa muyeso wake.

Redieta yakale ikatsukidwe kapena kuikidwa core yatsopano. Fani ikhale mamilimita 20 mpaka 25 kuchoka pa redieta ndipo ikhale ndi chophimba chake, apo ayi pa mzere wa magalimoto pa mlatho wa Lilongwe mu Okutobala singano ya kutentha ikwera. Thermostat musachotse. Chizolowezi chimenechi chafala, koma dizilo yoyenda yozizira imadya mafuta, imafuka, ndipo ma cylinder amatha msanga.

9. Mafuta, vacuum ndi magetsi

Tanki imene munali petulo itsitsidwe, itsukidwe, iume. Dizilo imafuna mapayipi awiri, yopita ndi yobwerera ku tanki, ndi fyuluta yokhala ndi kapampu ka dzanja ndi kotsekera madzi pansi. Polumikiza paliponse pathine, chifukwa mpweya ukalowa injini imavuta kulira m'mawa.

Injini ya dizilo ilibe vacuum mu manifold. Ngati mabuleki anu ali ndi booster, payipi yake ipite ku vacuum pump ya kumbuyo kwa alternator, ndipo pampuyo ilumikizidwe mapayipi ake a oyilo. Oiwala izi amazindikira pa buleki yachiwiri, pedulo itauma gwa.

Waya wa solenoid, kamene kamatsegula mafuta pa pampu ya dizilo, uchoke pa kiyi kudzera pa fyuzi, ndipo ukhale ndi moto ngakhale pamene sitata ikuzungulira. Ma glow plug adutse pa relay. Batire ikhale yaikulu, mawaya a sitata onenepa, ndi waya wa earth wochoka pa block kupita ku chassis. Ma sensor a kutentha ndi a oyilo gwiritsani a galimoto yakale kudzera pa adapter ya mazinga, kuti mawotchi a pa dashboard aziwerenga zoona. Magalimoto ena a ku Britain a m'ma 1960 ndi a positive earth. Amenewa atembenuzidwe kaye musanaike alternator ya ku Japan.

10. Werengerani magiya, konzani mabuleki

Difu ya Series ndi 4.7, kutanthauza kuti propshaft imazungulira ka 4.7 kuti tayala lizungulire kamodzi, ndipo transfer box pa high imachulukitsa ndi pafupifupi 1.15, zonse pamodzi 5.4 pa giya ya 4. Tayala la 7.50x16 limayenda pafupifupi mamita 2.5 likazungulira kamodzi. Pa makilomita 100 pa ola tayala limazungulira ka 667 pa mphindi, injini ka 3,600. Dizilo ya minibasi pamenepo ikukuwa ndi kumwa mafuta. Pa 80 ili pa 2,900, ndipo ndi pamene galimotoyi imakhala pa mtendere. Wofuna liwiro asake overdrive, kapena madifu a 3.54 a Range Rover yakale, onse awiri kutsogolo ndi kumbuyo, amene amatsitsa injini kufika pa 2,700 pa liwiro la 100 koma amachepetsa mphamvu pokoka ndi pokwera.

Mabuleki a ma drum akonzedwe onse: ma shoe, ma cylinder, mapayipi a mphira ndi brake fluid watsopano.

11. Kuliza koyamba ndi kuyesa pa msewu

Ikani timing belt yatsopano ngati ndi Toyota, injini isanalowe n'komwe, pamodzi ndi oil seal ya kumbuyo kwa crankshaft. Thirani oyilo ndi fyuluta zatsopano, chotsani waya wa solenoid, zungulitsani ndi sitata mpaka nyali ya oyilo izime. Popani dizilo mpaka thovu lithe, bwezerani waya, lizani. Khalani ndi thabwa losalala pafupi loti mutseke nalo polowera mpweya ngati injini itathawa yokha, dzanja musaikepo.

Tsiku loyamba zungulirani pafupi, mukuima kuona podontha ndi pokhudzana. Kenako msewu wa Mchinji, wosakwera kwambiri, kuti mumve kunjenjemera pa liwiro lililonse. Kutentha kukayesedwe pa zitunda zopita ku Dedza galimoto itanyamula katundu, mabuleki pa zitsetse za msewu wa Salima. Lilongwe ili pamwamba, mamita oposa 1,000 kuchoka pa nyanja yamchere, ndiye dizilo yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu yake ndipo imafuka pang'ono pokwera. Musalole wina kupotokola sikuluwu ya pampu kuti "aiwonjezere moto". Chimene chiwonjezeke ndi utsi ndi kutentha, ndipo mitu ya 2L ndi 3L siichedwa kung'aluka ikatenthedwa.

Pakatha makilomita 500 limbitsaninso mabawuti a plate, a ma mounting ndi a propshaft, muonenso ngati oyilo sakudontha pansi pa bellhousing. Bwererani ku Road Traffic ndi galimoto ndi mapepala aja kuti nambala yatsopano ilowe mu blue book, ndipo a inshuwalansi auzidwe molemba. Injini yakale musaigulitse kwa ogula zitsulo: ithireni oyilo m'ma cylinder, itsekeni mabowo, isungidwe pouma pamodzi ndi mabulaketi ake, chifukwa wogula galimoto yakale amene amaidziwa amafunsa injini yake yoyamba. Chojambula cha adapter plate, muyeso wa spigot bush ndi nambala za clutch plate, mapayipi a redieta ndi mphira za mounting zilembedwe papepala limodzi losungidwa pamodzi ndi blue book, kuti makaniko wa ku Mzuzu kapena ku Mangochi adzadziwe choti agule.